Kabokosi koteteza batire la 12V kuti lisatheretu moto: momwe ntchito ikuyendera

Tikupanga kabokosi kokhala pakati pa batire la 12V ndi zinthu zimene likuyatsa. Ntchito yake ndi kudula moto batire likatsika kufika pa 11.5V, ndi kusaubwezeretsa mpaka litatchajidwa kudutsa 12.4V. Batire la lead-acid, kaya la sola kaya lija la 7Ah la mu UPS, silichedwa kufa likamakamidwa mpaka dontho lomaliza, chifukwa pa mapuleti ake pamauma sulphate amene sasungunukanso ngakhale mulitchaje bwanji. Tasankha ntchito imeneyi kwa amene angoyamba kumene maphunziro a uinjiniya chifukwa mulibe magetsi a 230V, zipangizo zake ndi 20 kapena kuchepera, koma zonse zofunika kuti manja azolowere zilimo: lamulo la Ohm, voltage divider, comparator, MOSFET ndi kuwotcherera.

Sabata yoyamba: fyuzi, mita ndi magetsi oyesera

Chinthu choyamba kulumikiza chinali fyuzi ya 5A ya galimoto pa waya wofiira, pafupi penipeni ndi mutu wa batire. Batire la 7Ah limaoneka laling'ono, koma mawaya ake awiri akakhudzana limatulutsa current yokwana kusungunula pulasitiki ya waya m'kanthawi kochepa. Palibe choyesa chilichonse chimene tikuchita fyuzi isanalowe.

Kenako LED yofiira ndi resistor ya 1k, ija ya mizere ya bulauni, wakuda ndi wofiira. Masamu ayambe, mita ibwere pambuyo. LED yofiira imadya pafupifupi 2V, ndiye pa batire la 12V pamatsala 10V, ndipo 10V pa 1k ndi 10mA. Resistor ikutentha ndi 0.1W basi, choncho ya kota wati ikukwana. Mita inaonetsa zoyandikira pamenepo, ndipo kusiyana pang'onoko kunachokera ku batire, limene linali pa 12.5V osati 12V.

Apa pali msampha umene umagwira pafupifupi aliyense. Mukamaliza kuyeza current, waya wofiira wa mita umatsala m'bowo la 10A. Mukaupititsa choncho pa mitu ya batire kuti muone voltage, mwalumikiza mitu iwiriyo mwachindunji kudzera m'kati mwa mita. Pa mamita otchipa a mtundu wa DT830 bowo la 10A nthawi zambiri lilibe fyuzi. Lamulo la pa tebulo lathu ndi lakuti waya ubwerere m'bowo la voltage mukangomaliza kuwerenga nambala, osati pambuyo pake.

Sitingadikire batire kuti lizitsika lokha nthawi zonse pamene tikufuna kuyesa, ndiye tinapanga magetsi otha kukwezedwa ndi kutsitsidwa: LM317, chip ya miyendo itatu yotsitsa ndi kukhazikitsa voltage, yodyetsedwa ndi tchaja ya laputopu ya 19V. Resistor ya 220 ohm pakati pa miyendo yake ya OUT ndi ADJ, ndipo kuchoka pa ADJ kupita ku negative resistor ya 1.5k yotsatana ndi potentiometer (resistor yosinthika poizunguliza) ya 1k. Popeza LM317 imasunga 1.25V pakati pa OUT ndi ADJ, izi zimapereka kuyambira 9.8V mpaka 15.5V, ndendende chigawo chimene batire limayendamo. Samalani miyendo. Mukayang'ana kumaso kwake, LM317 imayamba ndi ADJ, pakati OUT, kumapeto IN. Amene anazolowera 7805 amasokoneza, chifukwa iyo ndi IN, GND, OUT. Magetsi amenewa ndi oyesera circuit yokha, osayatsira babu lalikulu. Pa 11.5V, LM317 ikutaya 7.5V ngati kutentha, ndipo pa 1A imeneyo ndi 7.5W.

Sabata yachiwiri: kutsitsa voltage ndi kupeza muyeso wosasuntha

Comparator imangodziwa kuyerekeza mavoltage awiri, ndiye timafunika kachigawo ka voltage ya batire mbali imodzi, ndi voltage yosasuntha mbali inayo.

Yosasunthayo tikuitenga ku TL431, imene imasunga 2.495V. Diode ya zener ya 5.1V ikanatha, koma voltage yake imasuntha current ikasintha, ndipo pa ntchito yosiyanitsa 11.5V ndi 11.8V kusunthako n'kwakukulu. TL431 imapezeka kwambiri m'matchaja ndi m'ma power supply akale a kompyuta, kachinthu kakuda ka miyendo itatu kofanana ndi transistor. Mwendo wapakati ndi anode, umapita ku negative. Iwiri ya m'mbali, cathode ndi reference, timailumikiza pamodzi, choncho palibe chifukwa chodandaula kuti uti ndi uti. Kuchoka pamenepo kupita ku positive pali resistor ya 4.7k. TL431 imafuna 1mA kapena kuposa kuti igwire bwino, ndipo 4.7k imapereka 1.8mA batire lili pa 11V ndi 2.5mA lili pa 14.4V. Titazunguliza potentiometer kuchoka pansi mpaka pamwamba, mita inangokhala pa 2.49V osagwedezeka.

Chimene chinasokoneza tsikulo ndi capacitor ya 100nF imene inaikidwa pa TL431 poganiza kuti voltage ikhazikika kwambiri. Zinatembenuka. Nambala ya pa mita inasintha ndipo inkasinthanso dzanja likayandikira. Mu datasheet (chikalata cha opanga) ya TL431 muli chithunzi chosonyeza kuti pali chigawo cha ma capacitor chimene chimaipangitsa kunjenjemera, ndipo 100nF ili m'kati mwenimweni mwa chigawocho. Njira ndi ziwiri, kusaika capacitor n'komwe kapena kuika yaikulu ngati 10µF. Ife tinangoichotsa.

Pa divider, maresistor otsatana amene amatipatsa kachigawo ka voltage ya batire kaja, tinayamba ndi 33k ndi 3.3k zotsatana pamwamba, 10k pansi. Pakati pake pamafika 2.495V batire likakhala pa 11.55V. Tinayesanso dala maresistor aakulu, 390k ndi 100k, kuti oyamba aone ndi maso awo kuti mita nayo ndi mbali ya circuit. Pa 12V masamu akuti 2.45V, koma DT830 inawerenga 2.27V. Mitayi m'kati mwake ili ngati resistor ya 1M (1000k), ndipo mukaigundika pa 100k mwasandutsa 100k ija kukhala 91k. Pa 39k ndi 10k vutoli limachepa, 2.43V m'malo mwa 2.45V. N'chifukwa chake tatsalira pa maresistor a kukula kumeneku ngakhale amadya 0.25mA.

Sabata yomweyo tinaika LM393, chip ya miyendo 8 yokhala ndi ma comparator awiri. Mwendo wa 8 ku positive, wa 4 ku negative, capacitor ya 100nF pakati pa miyendo iwiriyi pafupi ndi chip. Divider inapita ku mwendo wa 3, 2.495V ku mwendo wa 2. Poyamba mwendo wa 1 sunkakwera ngakhale pang'ono, kaya voltage ikwere kaya itsike. Chip sinali yakufa. Mwendo wotulukira wa LM393 ndi open collector, umatha kukokera pansi kokha, sungakankhe m'mwamba. Resistor ya 10k kuchoka pa mwendo wa 1 kupita ku positive inathetsa nkhaniyo, ndipo mwendowo unayamba kudumpha pa 11.55V monga momwe masamu ananenera.

Sabata yachitatu: batire lenileni likana

Pa magetsi oyesera zonse zinali bwino. Tinaonjezera IRFZ44N, MOSFET yogwira ngati switch yodula ndi kubwezeretsa moto, kumbali ya negative: gate ku mwendo wa 1, source ku negative ya batire, drain ku negative ya chimene tikuyatsa. Mukayang'ana kumaso kwake miyendo ndi gate, drain, source, ndipo kachitsulo ka kumsana n'kolumikizana ndi drain. Choyatsa chathu ndi babu la indiketa ya galimoto la 21W, limene limakoka pafupifupi 1.75A. Mawaya a babu ndi a MOSFET sanadutse pa breadboard, bolodi lija loyesera popanda kuwotcherera. Timano ta m'kati mwa breadboard si ta current yotere, timafunda n'kulefuka.

Babu linayaka bwinobwino mpaka batire linafika pa 11.55V. Pamenepo silinathime. Linayamba kuphethira, kenako linangoyaka mozilala, MOSFET n'kuyamba kufunda. Chifukwa chake chili m'batire. Batire lili ndi resistance yake m'kati, ndiye likamakoka katundu voltage imatsika, katunduyo akachoka imadumphira m'mwamba. Lathuli linkadumpha ndi pafupifupi 0.3V babu likangothima. Comparator ikaona 11.85V imati batire lili bwino, imayatsa, voltage imagwa, imathimitsa, ndipo zimangopitirira mofulumira kwambiri. Magetsi a LM317 sakanationetsa zimenezi chifukwa iwo sagwa akalemedwa.

Mankhwala ake ndi hysteresis, kutanthauza kuti pothimira pakhale pena, poyakira pakhale pena. Timaipanga ndi resistor imodzi yochoka pa mwendo wa 1 kubwerera ku mwendo wa 3. Mwendo wa 1 ukakhala m'mwamba, resistor imeneyi imathandiza kukweza mwendo wa 3, ndiye batire liyenera kutsika kwambiri kuti moto uduke. Ukakhala pansi imakokera mwendo wa 3 pansi, ndiye batire liyenera kukwera kwambiri kuti moto ubwerere.

Masamu ake ndi oyenera kuwachita ndi cholembera, osangotenga manambala athu. Pamwamba tinaika 39k, pansi 10k, yobwerera 470k. Moto uli woyaka, 470k ndi 10k ya ku positive ija zimatsatana kukhala 480k, ndipo zimaima pambali pa 39k. Kuchulukitsa 39 ndi 480 n'kugawa ndi 519 kumapereka 36.07k. Pothimira ndiye ndi 2.495 kuchulukitsa ndi 4.607 (36.07k kuphatikiza 10k, n'kugawa ndi 10k), zimene ndi 11.49V. Moto uli woduka, 470k imaima pambali pa 10k ya pansi n'kukhala 9.79k, ndipo poyakira pamakhala 2.495 kuchulukitsa ndi 4.983 (39k kuphatikiza 9.79k, n'kugawa ndi 9.79k), zimene ndi 12.43V. Mpata wa 0.9V ungaoneke waukulu, koma ndi wofunika. Batire lodulidwa pa 11.5V likapuma kwa kanthawi limakwera lokha kuyandikira 12V popanda kutchajidwa, ndipo poyakira payenera kukhala pamwamba pa pamenepo. Tinayesa 270k kuti tione, ndipo pothimira panatsikira pa 11.0V, pamene ndi pansi kwambiri.

Maresistor atatuwa akhale a 1%, aja a buluu a mizere isanu. A 5% akapendekera mbali zosiyana, wina m'mwamba wina pansi, pothimira pangasunthe ndi pafupifupi 0.9V, ndipo kabokosi konse kamakhala kopanda ntchito. Ya 10k ya mizere isanu ndi bulauni, wakuda, wakuda, wofiira, bulauni. Mukaiwerenga kuchokera kumapeto kwina ikuoneka ngati 120 ohm, choncho iyezeni ndi mita isanalowe pa bolodi. Pa tebulo tinapeza kuti ikuthima pa 11.47V ndi kuyaka pa 12.41V. Poyeza zimenezi mita ikhale pa batire. Mukaigwiritsa pa mwendo wa 3, 1M yake ija imakweza pothimira ndi pafupifupi 0.1V ndipo mumathamangitsa vuto limene mwalibweretsa nokha.

Sabata yachinayi: MOSFET yotentha ndi kabokosi kokana kuyaka

Pofuna nyali yosonyeza kuti moto ulipo, LED yobiriwira ndi 1k zinalumikizidwa kuchoka pa mwendo wa 1 kupita ku negative. LED inayaka mozilala, babu linafooka, ndipo MOSFET inatentha yosagwirika m'masekondi ochepa. Mita pa gate inaonetsa pafupifupi 3V m'malo mwa 11V. Kumbukirani kuti chimene chimakweza mwendo wa 1 ndi 10k yokha. LED ndi 1k zinapanga divider ina ndi 10k imeneyo n'kugwetsa gate. IRFZ44N imayamba kutseguka pakati pa 2V ndi 4V, ndipo imatsegukiratu pa 10V. Pa 3V inali yotseguka theka, ndipo mphamvu imene inkayenera kupita ku babu inkathera m'thupi mwake. Vuto limeneli ndi lofunika kuliona kamodzi, chifukwa limaphunzitsa kufunsa pa mfundo iliyonse ya circuit kuti current ikuchokera kuti ndipo njirayo ingapereke yochuluka bwanji.

LED yobiriwira tinaisamutsira pambali pa babu, pakati pa positive ndi drain, ndi resistor ya 4.7k. Yofiira yosonyeza kuti batire latsika tikuiyatsa ndi theka lachiwiri la LM393, limene linkangokhala: mwendo wa 5 ku mwendo wa 1, wa 6 ku 2.495V, ndipo LED ndi 4.7k kuchoka ku positive kupita ku mwendo wa 7. Gate tsopano ili pa 11.3V batire likamayandikira pothimira.

Titaika mababu awiri, 3.5A, kabokosi kankadula nthawi yomweyo poyatsa batire likakhala lapakatikati. Waya wa m'babu ukakhala wozizira resistance yake ndi yochepa kwambiri, ndiye poyamba umakoka current yochuluka kangapo kuposa ya nthawi zonse, ndipo voltage imagwa kwa kamphindi. Capacitor ya 10µF pambali pa 10k ya divider, mwendo wake wa negative ku negative, imachedwetsa comparator ndi pafupifupi 80ms, ndipo inakwana. Kwa pampu kapena fani 47µF ingakhale bwino.

Capacitor imeneyi inaonetsa poyera khalidwe lina. Mukangolumikiza batire, mwendo wa 3 umayambira pa ziro, ndiye kabokosi kamayamba kali kothima ndipo kamadikira 12.4V. Batire la 12.1V, limene lidakali ndi moto woti n'kugwiritsa ntchito, silikuyatsa kanthu. Si kuwonongeka, ndi zimene tinakauza kuti kazichita. Tinaonjezera batani lodina lotsatana ndi 470k ina, pambali pa 39k. Mukalidina, poyakira pamatsikira pa 11.7V. Batire lopitirira pamenepo limayatsa ndipo moto umakhalabe woyaka, lotsika kuposa pamenepo silimvera ngakhale mudine mpaka chala chitope. Resistor yaing'ono ngati 100k ikanalola munthu kukakamiza batire lakufa, ndipo sitinafune zimenezo.

Sabata yachisanu: kuchoka pa breadboard

Tasamutsira zonse pa veroboard, bolodi la mabowo ndi mizere ya kopa yowotchererapo. Tisanagwire soldering iron tinajambula pa pepala la masikweya malo a chipangizo chilichonse ndi pamene mizere ya kopa iyenera kudulidwa. Pansi pa chip mizere inayi iyenera kudulidwa, apo ayi mwendo wa 1 ukhala wolumikizana ndi wa 8, wa 4 ndi wa 5. Timadula pozunguliza ndi zala kamutu ka drill ka 4mm pa bowo mpaka kopa yense atachoka. Chip imakhala mu socket ya miyendo 8, ndipo imalowa pomaliza, titayeza kale kuti pa bowo la 8 pali voltage ya batire, pa la 2 pali 2.49V.

Powotcherera, nsonga ya iron ikhudze mwendo ndi kopa nthawi imodzi, solder ikhudze mwendowo osati nsongayo, masekondi awiri kapena atatu. Pogwira bwino pamaoneka ngati kaphiri kosalala. Pooneka ngati kampira kokhala pamwamba pa kopa sipanagwire, ngakhale lero pakudutsa moto. Bolodi lathu linakana kuyaka ulendo woyamba chifukwa cha kaulusi ka solder, kocheperapo kuposa tsitsi, pakati pa mzere wa gate ndi wa negative. Ndi maso sikankaoneka. Mita pa 200 ohm ndi imene inakapeza, ndipo nsonga ya mpeni podutsa pakati pa mizere inakachotsa. Tsopano tikuyeza mizere yoyandikana iwiriiwiri tisanalumikize batire.

Mizere ya veroboard si ya 3.5A. Pa njira ya source ndi ya drain tinagoneka waya wa kopa wopanda chikopa pamwamba pa mzere n'kuwotcherera utali wonse. Tinaikanso diode ya 1N5408 pakati pa positive ndi negative kuseri kwa fyuzi, mzere wake woyera kuloza ku positive. Wina akatembenuza mitu ya batire, diode imatsegula njira, fyuzi imapsa, LM393 imapulumuka.

Poyesa komaliza kabokosi kanadula batire lili pa 11.9V, osati 11.5V. Bolodi linalibe vuto. Mawaya ochoka ku batire anali a 0.5mm², mamita awiri kupita ndi awiri kubwera, pafupifupi 0.14 ohm, ndipo pa 3.5A amadya pafupifupi 0.5V. Kabokosi kankayeza voltage ya pa bolodi molondola, koma imeneyo sinali ya batire. Waya wa 1.5mm² wofupikitsidwa kufika theka la mita unatsitsa kutayako pansi pa 0.05V.

Pomwe tili pano

Pa 3.5A, pakati pa drain ndi source pakuwerengeka pafupifupi 0.06V, zogwirizana ndi 0.0175 ohm ya mu datasheet. Ndi 0.2W yokha, ndipo MOSFET ikungofunda pang'ono popanda chitsulo choziziritsa. Muyeso umenewu ndi wothandizanso pogula zipangizo: IRFZ44N imene gate yake ili pa 11V koma ikuonetsa 0.3V pa current yomweyi si yeniyeni.

Chatsala ndi zimene kabokosi kamadya kakadula moto. Tikaphatikiza TL431, divider, LM393, 10k ya pa mwendo wa 1 ndi LED yofiira, zikufika pafupifupi 6mA. Pa tsiku ndi 0.14Ah, kapena 2% ya batire la 7Ah. Pa sola imene imatchaja m'mawa uliwonse palibe vuto, koma batire lotsika kale likasiyidwa choncho kwa milungu ingapo, kabokosi komwe kamayenera kuliteteza ndi kamene kangalimalize. Sabata ikubwerayi tikweza resistor ya LED yofiira kufika 10k, tiyese 47k m'malo mwa 10k ya pa mwendo wa 1, ndipo tiwerengenso pothimira, chifukwa 480k ija isanduka 517k ndipo 11.49V isunthira pa 11.54V.